Mmene Bungwe la Amalonda Lingalandirire Ophunzira Ntchito Zamanja

Mwafunsa kuti bungwe lanu la eni mabizinesi lingatani kuti lithandize achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Yambani ndi kalembera: membala aliyense anene luso lomwe akulisowa, kaya kuwotcherera, ukalipentala, zamagetsi kapena umakaniko, ndi chiwerengero cha achinyamata omwe angawalandire.

Mndandandawo pitani nawo ku ofesi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, komanso ku koleji yapafupi monga Soche, Namitete kapena Nasawa. Ophunzira akumeneko amafunika malo oyeserera ntchito.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, gwirizanani polemba. Amuyang'anira ndani wophunzirayo, kwa miyezi ingati? Ya thiransipoti ndi nkhomaliro apereka ndani, nanga ovolosi ndi magalasi owotcherera? Mukapanda kutero, mnyamata amatha miyezi itatu akusesa m'galaja ndi kutumidwa zitumbuwa, sipanala osaigwirako n'komwe.

Kenako sankhani mmodzi wa m'komiti aziyendera malo onsewo mwezi ndi mwezi.

Wophunzira akamaliza, mwini malo amulembere kalata ya umboni. Aphunzitsi ake muwauzenso zida zomwe anabwera asakuzidziwa, kuti akakonze kukolejiko.