Kuthandiza wachibale kusiya kachasu pa tauni yaing'ono

Pa matauni ang'onoang'ono a m'maboma mwathu, pamene msika, chigayo, siteji ya minibasi ndi mashabini zili moyandikana, munthu womwa mwauchidakwa amadziwika ndi aliyense, ndipo kudziwikako n'kumene kumachedwetsa thandizo, chifukwa banja limaopa kuti likamutengera kuchipatala mbiri imveka msika wonse dzuwa lisanalowe. Malangizo anowa ndi a mabanja amene atopa ndi kubisa ndipo akufuna kudziwa poyambira.

Choyamba n'kusiyanitsa munthu amene amaledzera pa ukwati ndi munthu amene thupi lake lagwidwa ndi mowa. Muoneni m'mawa asanatuluke m'nyumba. Ngati manja akunjenjemera mpaka tiyi kutayikira pa malaya, thukuta likutuluka kunja kukuzizira, phala akulikana chifukwa cha mseru, koma zonsezi n'kutha akangomwa kakang'ono kochotsera matsire, dziwani kuti nkhaniyi yapitirira pa khalidwe ndipo yasanduka matenda. Munthu wotereyu amalonjeza ndi mtima wonse kuti wasiya, ndipo polonjezapo sanama ayi, koma pofika masana chibaba chimakhala chamugonjetsa.

Pali cholakwa chimodzi chimene mabanja achikondi amachita kawirikawiri, ndipo ndikufuna kuchifotokoza bwino chifukwa chimapha. Abale amagwirizana kuti amutsekere m'chipinda, amulande ndalama, kuti mowa uchoke m'thupi. Mowa umafooketsa ubongo, choncho ubongo wa munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka umazolowera kugwira ntchito mwamphamvu kuti ulimbane ndi kufookako. Mowawo ukachoka mwadzidzidzi, ubongo umathamanga ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Kunjenjemera, nkhawa ndi kusanza zimayamba pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, ena amagwa ndi kuphupha ngati wakhunyu mkati mwa masiku awiri oyambirira, ndipo pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi pangabwere vuto loopsa kwambiri, pamene munthu amatentha thupi, amasokonezeka mutu, osazindikiranso mkazi wake, n'kumaona zilubwelubwe. Ndinafikapo pakhomo lina usiku wachitatu wotere, bambo atakwera pa mtondo akukuwa kuti njoka zikutuluka mu mphasa, ndipo abale anali atatuma kale mnyamata kukaitana sing'anga poganiza kuti wina wawalodza. Chimene bamboyo ankafunika chinali galimoto yopita kuchipatala usiku womwewo.

Choncho munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse asasiye yekha kunyumba. Pitani naye kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu kapena kuchipatala cha boma cha pa boma lanu, mutatenga buku lake la kuchipatala, ndipo mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzeni tsiku limene namwinoyo kapena dokotalayo amapezeka. Kumeneko nenani zoona zokhazokha: mtundu wa mowa, mabotolo angati pa tsiku, zaka zingati, anamwa liti komaliza, ndiponso ngati anagwapo n'kuphupha poyesa kusiya m'mbuyomu. Amayi ambiri amachepetsa chiwerengero pofuna kuteteza ulemu wa amuna awo, koma potero amasocheretsa dokotala poyeza mankhwala. Achipatala amapereka mankhwala okhazika ubongo pansi, monga diazepam, kwa masiku owerengeka, n'kumachepetsa mlingo pang'onopang'ono, komanso vitamini B1, yemwe amasowa m'thupi la munthu amene wakhala akumwa m'malo modya. Kusowa kwa vitaminiyu kumawononga ubongo mpaka munthu kumayenda mwadzandidzandi ndi kuiwala zimene zachitika m'mawa womwewo. Diazepam wogula pamsika kapena wopatsidwa ndi mnansi musamuyerekeze, pakuti akaphatikizana ndi mowa angaimitse kupuma, ndiponso nayenso amagwira munthu ngati mowa womwewo.

Musaiwale kutchula ngati wodwalayo ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB. Mowa umaiwalitsa kumwa mankhwala pa nthawi yake, ndipo ena mwa mankhwala a TB amalemetsa chiwindi chimene kachasu wachitopetsa kale. Maso achikasu, mimba yotupa kapena kusanza magazi ndi zizindikiro zosafunika kudikira tsiku la msika.

Achipatala akaona kuti vutolo ndi lalikulu amatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital, ndipo a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndikudziwa kuti dzina la Zomba limaopsa anthu, moti ena amati kuli bwino m'bale wawo afere pakhomo kusiyana n'kutchedwa wamisala, koma maganizo amenewa ataya anthu ambiri amene akanachira.

Za chamba ndinene mwachidule. Wosiya chamba sakhala pa ngozi ya imfa ngati wosiya kachasu, koma amasowa tulo, amapsa mtima msanga ndipo chakudya sichimukoma kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mnyamata akayamba kulankhula yekha, kukayikira kuti amayi ake amuthirira mankhwala m'nsima, kapena kuyenda usiku wonse, mutengereni kuchipatala msanga m'malo momumanga ndi chingwe. Achinyamata ena amanena kuti boma linaloleza chamba, koma lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, ndipo kusuta n'koletsedwabe.

Masiku a kuchipatala ndi ochepa, ndipo ntchito yotenga miyezi imayamba wodwala akatsika minibasi pa siteji yomwe ija. Boma linalengeza zoletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wa m'timabotolo ndi kachasu wa kuseri kwa nyumba zikupezekabe pa mtengo woti waganyu aliyense angakwanitse, kotero simungadalire kuti mowa usowa. Chofunika n'kukonza tsiku la munthuyo. Khalani pansi pamodzi ndi iye mwini, amalume kapena ankhoswe, pa nthawi imene sanamwe, n'kugwirizana za ndalama, chifukwa masiku oopsa kwambiri ndi a malipiro ndi a pokolola, pamene soya kapena fodya wagulitsidwa ndipo anzake akale akumudikirira pa sikelo. Agwirizane nazo yekha kuti ndalama zikuluzikulu azisunga mayi a m'nyumba kapena zipite ku banki m'khonde, iye n'kumayenda ndi zochepa. Kumulanda mokakamiza kumangobala ndewu ndi kuba ziwiya za m'nyumba.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira, ndiko ngongole ya kwa mayi wotcheza kachasu. Pafupifupi chidakwa chilichonse chili ndi dzina m'kope la ngongole penapake, ndipo ulendo wokabweza ngongoleyo ndi umene umathera pa benchi ndi kapu m'manja. Tumani munthu wina akalipire, ndipo wamkulu wa banja akapemphe mwaulemu kuti asamukongozenso. Njira yopita kuntchito isinthe ngati imadutsa pa shabini, ngakhale yatsopanoyo ikhale yozungulira. Asatuluke m'nyumba ndi njala, ndipo madzulo, nthawi imene ankakhala ku mowa, pakhale chochita chenicheni monga kuthirira kudimba, kwaya, mpira kapena bawo la pakhomo. Chibaba chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa, ndipo munthu akapeza womulankhula kapena chogwira m'manja chimatsika chokha. Pa maliro ndi pa zinkhoswe akhale ndi mnzake wodziwa nkhani yake, woti angachoke naye anthu akayamba kuzunguliza chipanda.

Mapemphero amalimbitsa mtima ndipo mpingo umapatsa munthu anzake atsopano, choncho abusa kapena ashehe alowe nawo m'nkhaniyi, koma asamuuze kuti ataye mankhwala a kuchipatala. Zomuthirira mankhwala achinsinsi m'chakudya kuti adane ndi mowa ndimazikana kotheratu, chifukwa simudziwa chimene chili m'botolomo, ndipo tsiku limene adzazindikire sadzakhulupiriranso aliyense pakhomopo.

Gulu la anthu othandizana kusiya mowa lotchedwa Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America pamene amuna awiri omwa mwauchidakwa anaona kuti kulankhulana kumawathandiza kusamwa. Pa tauni yaing'ono anthu atatu kapena anayi amene akusiya angachite chimodzimodzi, kukumana kamodzi pa sabata m'kalasi kapena m'chipinda cha pa tchalitchi. Lamulo lake likhale lolimba, lakuti zolankhulidwa m'menemo zisatuluke, pakuti nkhani imodzi yokha ikamveka pa chigayo gululo latha.

Ambiri amayambiranso kumwa kamodzi kapena kangapo asanasiyiretu. Zikachitika, dikirani mowa umuchoke, mufunse modekha chimene chinachitika tsikulo, kaya ndi ndalama, mkangano kapena mnzake wina, ndipo mubwerere naye kuchipatala sabata yomweyo. Kuleza mtimaku kuli ndi malire ake. Ngati akumenya mkazi kapena ana, iwowa ayambe apita pamalo otetezeka ndipo nkhaniyo ikafike kwa amfumu kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, musazitenge ngati zolankhula za mowa: chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, pakhale munthu womuyang'anira usiku wonse, ndipo mupite naye kuchipatala mosazengereza.