Mmene mungatetezere katundu wanu kwa akuba namondwe akadutsa

Abale anga, namondwe akadutsa mavuto sathera pa madzi ndi matope ayi. Anthu mwathawira ku sukulu kapena ku tchalitchi, nyumba zatsala zokha, magetsi kulibe, netiweki ikungodukaduka, apolisi ndi asilikali ali kalikiliki kufukula anthu, ndiye apa mpamene ena opanda chisoni amapezerapo mpata. Freddy uja wa mu Malichi 2023 anachotsa anthu oposa 600,000 m'makomo mwawo, kuyambira ku Chilobwe komwe matope anatsika m'phiri la Soche mpaka ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, tangoganizani makomo angati amene anakhala masiku opanda mwini.

Koma ndiyambe ndi ichi chifukwa chimandipweteka mtima, musatsale m'nyumba kuti mulondere katundu pamene a zanyengo achenjeza kale pa wailesi kuti chokani m'mbali mwa phiri kapena mwa mtsinje. Bambo ambiri amatumiza mayi ndi ana kumtunda iwo nkutsala ati akuyang'anira mbuzi ndi TV, madzi akabwera usiku safunsa. Zonse ndikulemba apazi cholinga chake nchakuti muthe kuthawa mtima uli m'malo.

Ntchito yaikulu ndi ya namondwe asanafike. Tengani ID yanu ya ku NRB, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo, khadi ya ku banki, timabuku ta kuchipatala ndi mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, mukulunge mu majumbo awiri kenako muike m'kachikwama kamene simudzasiyana nako olo pogona. Ndalama zambiri ikani ku Airtel Money kapena Mpamba, koma tsalani ndi kenakake m'manja poti netiweki ikagwa ma ejenti nawo sagwira ntchito. Ndiye tengani foni mujambule katundu yense, sola, batile, wailesi, mashini osokera, njinga, ndipo musangojambula patali, jambulani manambala ake. Njinga yakapalasa nambala yake imakhala pa felemu, kawirikawiri kunsi komwe kumalowa mapedulo, yamoto ili ndi nambala ya chesesi ndi ya injini. Pa foni imbani *#06# ituluka nambala ya IMEI, imene ili nambala yozindikirira foni yanuyo, lembani papepala. Zithunzi zonsezo tumizani pa WhatsApp kwa m'bale amene ali kutali, kaya ku Lilongwe kaya ku Joni, kuti foni ikapita ndi madzi umboni usapite nawo. Popanda nambala, olo mutaiona njinga yanu pamsika mudzangokangana ndi munthu basi, apolisi sadziwa kuti akhulupirire ndani.

Malata ndiye musawaiwale, chifukwa nyumba ikagwa choyamba kusowa ndi malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo. Zinthuzi zimagulika msanga popeza aliyense akufuna kumanganso. Gulani penti pang'ono mulembe dzina kapena chizindikiro cha banja lanu kunsi kwa lata lililonse, mphepo ikaliponya kumunda kwa wina mudzakhala ndi poyambira kulankhula. Ziweto nazo ikani chizindikiro, ndipo kwa inu a ku Chigwa cha Shire samutsirani ng'ombe ndi mbuzi kumtunda mwachangu, mfumu ya komwe mwazisiyako idziwe kuti ndi zingati ndipo ndi za ndani.

Mvula ikadukiza ndipo akuluakulu anena kuti mukhoza kukaona makomo, musapite nokhanokha. Khalani pansi ndi a mfumu, a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi komanso a community policing, mugawane kuti lero akuyendera ndi awa mawa ndi awa, anthu odziwana, ndi tochi ndi wezulo. Pewani kugona m'nyumba ya zidina zimene zamwa madzi, khoma limagwa olo mvula italeka, komanso samalani mawaya a ESCOM ogwa pansi. Zimene zapulumuka sonkhanitsani pamalo amodzi ouma, kaya pa tchalitchi kaya pa nyumba yolimba ya mnzanu, wina alembe m'kope kuti malata 12 ndi a uje, matumba atatu a chimanga ndi a uje. Mukaona ngolo kapena galimoto yachilendo ikupakira zinthu funsani mwaulemu, lembani nambala, dziwitsani a mfumu.

Kumsasa nako kuli zake. Mafoni amasowa kwambiri potchaja, ndiye khalani pompo mpaka idzadze kapena musinthane ndi munthu amene mumamudziwa. Thandizo lochokera ku DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), Red Cross ndi mabungwe ena ndi laulere, wina akakuuzani kuti perekani kangachepe kuti mulembedwe m'kaundula ameneyo ndi wakuba ngati wa malata uja, ndipo akafuna kugona ndi mayi kapena mtsikana posinthana ndi thumba la ufa kanenereni kupolisi tsiku lomwelo, musaope kuti akuchotsani pa mndandanda. Wina akaimba foni kuti mwasankhidwa kulandira ndalama za ovutika ndi namondwe ndiye tipatseni PIN, dulani foniyo. Palibe wogwira ntchito weniweni amene amafunsa PIN.

Tsopano nkhani ya mphekesera, iyi ndikufuna muimvetse bwino. Namondwe Katrina atagunda New Orleans ku America pa 29 Ogasiti 2005, kuba m'masitolo kunachitikadi, koma nkhani zambiri zoopsa zimene zinkafala, za kuphana kochuluka mu bwalo la Superdome momwe anthu anathawira, zinadzapezeka kuti zinali zokokomeza. Mantha amenewo anavulaza anthu osalakwa. Pa 4 Seputembala apolisi anawombera anthu 6 opanda zida pa mlatho wa Danziger, awiri anafa, mmodzi anali mnyamata wa zaka 17, ndipo apolisiwo anadzaimbidwa milandu. Kuno kwathu tikudziwa mmene zimakhalira wina akangokuwa kuti wakubaaa, anthu sadikira kufunsa. Ndiye voice note ikabwera pa gulu kuti mbava zikubwera ndi zikwanje musaitumize kwa ena musanafunse a mfumu kapena apolisi. Munthu amene mwamupeza atanyamula lata mwina ndi lake lomwe akulitola, mwina ndi wa mudzi wina amene wataya zonse ndipo akusaka chimanga choti ana adye. Mukamugwira weniweni musamumenye, musamuotche, mujambuleni ndi katunduyo mupite naye kupolisi, chifukwa akafera m'manja mwanu mlandu wakupha ukhala wanu.

Chikasowa chinthu kalembetseni kupolisi msanga ndi zithunzi ndi manambala aja, mutenge lipoti, likuthandizani potenga ID ina. SIM ya foni yobedwa pitani mukaitseketse mwachangu ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money zisanatulutsidwe. Ndipo masabata otsatirawo wina akabwera ndi malata obooka kale misomali, a matope, pamtengo wotsika modabwitsa, mufunseni komwe wawatenga ndipo tembenuzani muone kunsi ngati kuli dzina la munthu musanatulutse ndalama.