Momwe mungasankhire geocache: ya m'mbali mwa msewu kapena ya kuphiri

Geocaching ndi masewera osakasaka kabokosi kobisidwa, GPS ikukulozerani njira. Anayamba pa 3 May 2000, pamene Dave Ulmer anabisa ndowa pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, boma la America litangosiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba.

Tsegulani akaunti pa Geocaching.com, ikani app pafoni, ndipo musanatuluke pakhomo werengani manambala awiri a bokosi lililonse. D ndi kuvuta kolipeza, T ndi kuvuta kwa njira, onse kuyambira 1 mpaka 5. Pa T1 ngakhale wa njinga ya olumala amafika, pomwe T5 imafuna bwato kapena zingwe zokwerera thanthwe. App yaulere imangoonetsa mabokosi osavuta. Musathamangire kulipira Premium, akaunti yoonetsa mabokosi onse, sabata yoyamba, a Android ambiri amadalira app ina yotchedwa c:geo, yomwe ndi yaulere.

Mabokosi apafupi, omwe osewera amawatcha park and grab, amakoma chifukwa mphindi zisanu zimakwana. Lamulo limangoti mabokosi atalikirane mamita 161, choncho msewu umodzi ungakupatseni khumi masana amodzi. Koma ambiri ndi timachubu tosafika mamililita 100, tina tamaginito tofanana ndi nsonga ya chala, mkati muli kapepala kosainapo kopindidwa basi, nthawi zambiri konyowa. Tengani cholembera chanu ndi kopanira kosololera kapepalako. Dikirani odutsa apite kaye, chifukwa bokosi likaonedwa ndi osadziwa masewerawa silichedwa kusowa.

Ngati mukufuna bokosi lalikulu, lokhala ndi buku louma ndi tinthu tosinthana, sankhani T3 kupita m'mwamba. Sungani mapu m'foni muli kunyumba, kuphiri netiweki imathawa. GPS imadya batire, ndiye nyamulani power bank, osati zotchipa zija zolembedwa manambala akuluakulu koma zosadzaza foni ngakhale kamodzi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa muvi wa app. Muviwo umaloza molunjika, sudziwa chigwa kapena mtsinje. Ukati mamita 400, njira yeniyeni ingakhale makilomita awiri. Musachoke m'njira mpaka nambala ya mamita otsala itasiya kutsika ndi kuyamba kukwera, ndipo pamenepo yang'anani kanjira kopondedwa ndi amene anabwera kale. Mukatsala ndi mamita khumi, nambala imayamba kudumphadumpha: 3, kenako 12, kenako 6, inu muli chiimire. Masamba ndi matanthwe zimatchinga kapena kubweza ma siginolo a satelaiti, komanso GPS ya wobisayo inaphonyako mamita angapo tsiku lomwe ankabisa. Kuzungulira ndi foni m'manja n'kungoponda udzu pachabe. Imani mphindi imodzi, ikani foni m'thumba, yambani kusaka ndi maso. Fufuzani timitengo toyalidwa mwadongosolo lokayikitsa, mulu wa miyala patsinde, kapena mphako. Osakumba, malamulo salola kukwirira bokosi pansi. M'dzenje muziyamba mwalowetsa ndodo, dzanja pambuyo, kuopa njoka ndi mavu.

Mukalipeza, sainani, mukatenga kanthu siyani kena kofanana nako mtengo, tsekani bwino, bwezani pomwepo. Mukalephera lembani DNF (Did Not Find, kutanthauza kuti simunalipeze) pa app kuti mwini wake akaone ngati bokosi lilipobe.