Momwe mungadziwire ngati malo anu adzadyetsa malata dzimbiri msanga, musanafolere shopu kapena loji ku Mangochi

Anthu ambiri kuno akapita ku hadiweya amangofunsa zinthu ziwiri, geji yake ndi mtengo wake, akamva kuti ndi 28 geji mtima m'malo, kunyamula. Koma geji imangonena kukhuthala kwa lata basi, 28 ndi yokhuthala kuposa 32, siyinena kuti dzimbiri lidzayamba liti. Chimateteza chitsulo ndi zinki amene anakutira pamwamba pake, ndipo zinkiyo amatha mofulumira kapena mochedwa kutengera pamene nyumba yaima ndi zomwe zikuchitika pansi pa dengalo. Nchifukwa chake malata ogula tsiku limodzi sakalamba chimodzimodzi, ena ku Namwera kumapiri, ena pa doko ku Makawa.

Choyamba, pitani pa puloti yanu m'mamawa cha m'ma 5 koloko, osati masana. Kaoneni mame. Gwirani denga la khonde la aneba, ngati likudontha madzi ndipo likuchedwa kuuma dzuwa litatuluka kale, dziwani kuti malo amenewo lata limakhala lonyowa maola ambiri pa chaka, ndipo nthawi yonyowayo ndi imene dzimbiri limagwirira ntchito. Pamenepa ndikonzeko maganizo omwe afala, akuti nyanja yathu imadya malata ngati ku Beira kapena ku Nacala. Ayi. Kumeneko mphepo imanyamula mchere wa m'nyanja yaikulu nkumauthira pa madenga, pomwe nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire ndi madzi opanda mchere. Vuto lathu ndi chinyontho, makamaka m'mbali mwa madzi ndi m'madambo. Mukadali pompo yendani pang'ono muone madenga akale a pafupi, funsani eni ake kuti anafolera chaka chanji, ndipo muonetsetse pomwe kufiira kwayambira, kaya pa misomali, kaya polumikizana malata, kaya kumapeto kogwera madzi.

Chachiwiri, ndipo apa mpomwe pagona nkhani, lembani zimene zizichitika m'nyumbamo ndi zimene aneba amachita. Mchere umene nyanja ilibe timaubweretsa tokha. Pamene akufutsa usipa m'madzi a mchere nthunzi ija imakwera nkukamata kunsi kwa lata, kukazizira usiku imasanduka timadontho, mawa chimodzimodzi, ndiye denga limayamba kuola kuchokera mkati pamwamba pakuoneka bwinobwino. Utsi wowambira nsomba nawonso umasiya mwaye womata umene umasunga chinyezi. Shedi yosungiramo feteleza ndi yoopsa kwambiri, urea amakoka madzi a mu mpweya ndipo fumbi lake likakhala pa chitsulo limachidya. Khola la nkhuku zambiri limatulutsa mpweya wa amoniya kuchokera ku zitosi, fungo lolasa m'mphuno lija. Khitchini ya resitilanti yopanda potulukira nthunzi ndi yomweyo. Ngati bizinesi yanu ili m'gulu limeneli siyani mpata wodutsa mphepo pakati pa khoma ndi denga, kapena ikani zotulutsira mpweya pamwamba penipeni pa denga, musatseke ponseponse ngati chipinda chogona.

Chachitatu ndi mphepo ndi mitengo. Mwera umawomba kuchokera kummwera miyezi yozizira ija, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndiye ngati owamba nsomba ali kummwera kwanu utsi wawo ndi wanu. Mtengo wa mango wotsamira pa denga umapereka mthunzi wabwino ndithu ndi kutentha kwa kunoku, koma masamba ake akadzaza mu gata, ngalande yolandira madzi a pa denga ija, nkunyowa amakhala choncho masabata, zitosi za mbalame ndi mileme nkuwonjezera. Dulani nthambi zofika pa denga, mtengowo usiyeni.

Tsopano kogula. Funsani kuchuluka kwa zokutira, osati geji yokha. Malata a galavanaizi, aja okutidwa ndi zinki, amakhala ndi nambala ya Z, mwachitsanzo Z275 kutanthauza magalamu 275 a zinki pa sikweya mita, kuphatikiza mbali zonse ziwiri, ndipo nambala ikatsika zinki ndi wochepa. Palinso aja amati aluzinki olembedwa AZ, monga AZ150, amene chokutira chake ndi aluminiyamu 55 peresenti, kwinako zinki ndi silikoni pang'ono. Pa shopu, loji kapena ofesi ya m'mbali mwa nyanja aluzinki amakhalitsa kuposa galavanaizi wamba, ndipo akakhala openta kale ku fakitale ndiye bwino koposa. Koma pa khola la ziweto musaike aluzinki, sagwirizana ndi amoniya, kumeneko tengani galavanaizi wa zinki wambiri. Ine ndimati wogulitsa akalephera kukuuzani nambala imeneyi kapena kukuonetsani pomwe yalembedwa, yesani pena, chifukwa denga la weyahausi si la ndalama zochepa.

Malata akafika pa saiti musawaunjike pansi pa dothi atathinana. Madzi akalowa pakati pake amachita zoyera ngati ufa, ndiye zinki akutha kale denga lisanakwere. Aikeni pa matabwa, mbali imodzi yokwererako, pouma.

Pofolera khalani pafupi ndi amisiri. Denga likhale lotsetsereka mokwanira, aja madenga obisika kuseri kwa khoma omwe afala m'mashopu masiku ano amasunga madzi ndi zinyalala ngati gata yake ndi yaing'ono. Auzeni asadulire malata ndi girainda pamwamba pa denga, kutentha kumapsereza zinki m'mphepete mwa podulapo ndipo timaphulusa ta chitsulo timene timauluka timamatirira pa malata ena, mvula yoyamba ikangogwa mumaona madontho ofiira ponseponse. Adule ndi sizasi ya malata, ndipo madzulo aliwonse asese denga. Misomali kapena masikulu akhale okutidwa bwino, okhala ndi labala yake. Matabwa onyika mu mankhwala obiriwira aja ali ndi kopa, ndipo kopa akakhudzana ndi zinki ponyowa zinki ndi amene amadyeka, choncho pakati pake payalidwe pulasitiki yokhuthala. Paipi ya kopa ya giza yotenthetsera madzi kapena ya eyakoni isadonthere pa denga. Matope a simenti ogwera pa lata pomanga khoma apukutidwe asanaume. Chinanso chimene ambiri sadziwa, madzi ochokera pa denga la aluzinki kapena lopenta akamagwera mu gata ya galavanaizi wamba gatayo imaboola msanga, ndiye gata ikhale ya mtundu womwewo wa denga kapena ya pulasitiki.

Denga likatha, ikani tsiku loliyendera kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi cha mu Meyi itatha. Chotsani masamba m'magata, tsukani ndi madzi wamba malo amene mvula siyifika monga kunsi kwa khonde ndi pansi pa masola, chifukwa fumbi limaunjikana pamenepo. Mukapeza kadontho kofiira kwechani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pukutani pouma, pakani pulaima ya zinki kenako penti ya denga, ndipo sikulu iliyonse imene labala yake yang'aluka ndi dzuwa muisinthe tsiku lomwelo.