Kaphwanyidwe ka matrix kukhala PDP⁻¹

Tinene kuti muli ndi matrix A, mzere wapamwamba uli ndi 4 ndi 1, wapansi 2 ndi 3, ndipo mukufuna kuilemba ngati A = PDP⁻¹, pomwe D ali ndi manambala pa diagonal pokha (mzere wochoka pamwamba kumanzere kupita pansi kumanja), ndipo P⁻¹ ndi matrix yobweza zomwe P wachita.

Yambani ndi ma eigenvalue, manambala λ okwaniritsa Av = λv pa vector v yosakhala 0. Chotsani λ pa 4 ndi pa 3, muwerengetse determinant, yomwe apa ndi (4 − λ)(3 − λ) − 1 × 2, muifananitse ndi 0. Mupeza λ² − 7λ + 10 = 0, choncho λ ndi 5 kapena 2. Musathamange, yambani mwatsimikiza: 5 kuphatikiza 2 ndi 7, chimodzimodzi 4 kuphatikiza 3, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 2 ndi 10, yomwe ndi determinant ya A.

Kenako pa λ iliyonse pezani eigenvector, v wosakhala 0 wokwaniritsa (A − λI)v = 0, pomwe I ndi matrix yokhala ndi 1 pa diagonal ndi 0 pena ponse. Pa 5 atuluka (1, 1), pa 2 atuluka (1, −2). Aimikeni ngati mizati ya P, ndipo 5 ndi 2 muwaike pa diagonal ya D motsata dongosolo lomwelo. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: mukasinthanitsa mizati ya P koma D osamukhudza, zonse zasokonekera.

Nanga eigenvalue ikabwerezedwa, ma eigenvector n'kuperewera? Pamenepo D wa diagonal yokhayokha sangatheke. Gwiritsani ntchito njira ya katswiri wa masamu Camille Jordan ya 1870: pezani w wokwaniritsa (A − λI)w = v, akhale mzati wa P wotsatira v, ndipo mu D pamwamba pa diagonal pakhale 1. Pa kompyuta njirayi siidalirika kwenikweni, chifukwa kalakwika kakang'ono m'manambala kamasinthiratu maonekedwe ake. Mapulogalamu ambiri amasankha njira zina zophwanyira matrix, ya Schur kapena ya SVD (Singular Value Decomposition).