Momwe mungasankhire motherboard yolimba kuno ku Tete pamene ndalama zili zochepa

Mwezi watha mphwanga anafika kwanga ndi katoni ya zida za kompyuta. Amafuna makina opangira makadi a ukwati ndi kusindikizira ana asukulu mapepala ku Ulongué. Titatsegula, purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inakana kukhala pa motherboard. Chilichonse pachokha chinali chabwino, koma sizinali za banja limodzi, ndipo ndalama ya chapa yopita mumzinda wa Tete ndi kubwerako inangopita m'madzi. Zinandipweteka, chifukwa anasunga ndalamazo kuyambira pomwe anagulitsa mbatatesi yake.

Motherboard, imene m'masitolo akuno amati placa-mãe, ndi bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo. Silithamangitsa kompyuta, koma likafooka zonse zimaima. Tsatani izi musanatulutse ma meticais anu.

Choyamba, sankhani purosesa, bolodi libwere pambuyo. Purosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo omwe imakhalapo pa bolodi. Kwa mapurosesa a kampani ya AMD, soketi ya AM4 inatuluka mu 2016 ndipo imayenda ndi RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ya mtundu wa DDR4. Mabolodi ake otsika mtengo ndi a A520, B450 ndi B550. Soketi ya AM5, ya mu 2022, imalandira DDR5 yokha, choncho imakoka ndalama zambiri. Kwa kampani ya Intel, soketi ya LGA1700 imanyamula mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14, pa mabolodi ngati H610 ndi B760. Apa samalani: ena mwa mabolodi amenewa ndi a DDR4, ena a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina silowa m'malo mwa inzake. Werengani pa katoni.

Ine munthu wa thumba lochepa ndimamuuza kuti atenge bolodi la AM4 ndi purosesa ya Ryzen 5 5600G. Chilembo G chikutanthauza kuti purosesayo imatulutsa yokha zithunzi, simufunika kugula khadi ya vidiyo. Ryzen 5 5600 yopanda G, kapena Intel yothera ndi F monga i3-12100F, siionetsa kanthu pa sikirini popanda khadiyo, ngakhale bolodi litakhala ndi pobayira HDMI.

Chachiwiri, funsani za BIOS, pulogalamu ya mkati mwa bolodi yomwe imadzutsa kompyuta. Mabolodi a B450 anatuluka mu 2018, pamene Ryzen 5000 inabwera mu 2020. Bolodi lomwe lakhalitsa pashelefu likhoza kukana purosesa yatsopano mpaka BIOS yake itasinthidwa. Tsegulani pafoni tsamba la kampani yopanga bolodilo, kaya ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, muone mndandanda wa mapurosesa omwe limalola. Ngati pakufunika kusintha BIOS, wogulitsa achite zimenezo inu muli pomwepo.

Chachitatu ndiye chomwe ndikufuna muchigwire ndi manja awiri: kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umapitirira madigiri 40, ndipo kompyuta imapuma mpweya womwewo umene inu mukupuma. Yang'anani kumtunda ndi kumanzere kwa soketi. Pali tizidutswa takuda tondondozana, totchedwa VRM, timene timatsitsa magetsi a 12V kuti afike pa mlingo wochepa womwe purosesa imadya. Timatentha kwambiri. Bolodi labwino limativindikira ndi chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha. Lotchipa kwambiri limatisiya pamtunda. Tizidutswati tikatentha mopitirira, kompyuta imayamba kukwawa kapena kuzima yokha masana dzuwa lili paliwombo. Mabolodi awiri akasiyana pang'ono mtengo, lina lili ndi chitsulocho lina lilibe, tengani lachitsulo. Magetsi amitundumitundu othwanima okongoletsera bolodi aja musawawerengere n'komwe.

A ku Angónia ndi Tsangano kumapiri kuli kozizirirapo, komabe fumbi la m'chilimwe limatseka mafani, ndipo a ku Moatize akulidziwa bwino fumbi. Onani kuti bolodi lili ndi pobayira mafani awiri a kesi (bokosi la kompyuta), kupatula la purosesa.

Chachinayi, werengani malo obayira. Mipata inayi ya RAM imakupatsani mwayi wowonjezera chaka chamawa. Ngati ilipo iwiri, ikani timitengo tiwiri ta 8GB m'malo mwa kamodzi ka 16GB. 5600G imathamanga bwino choncho chifukwa zithunzi zake zimadalira RAM. Pakhale malo otchedwa M.2 oikapo SSD, chosungira mafayilo chothamanga. Saizi ya micro-ATX, yosapitirira masentimita 24.4 mbali zonse, imakwana m'makesi ambiri ndipo ndiyo imatsika mtengo. Monita yanu ikakhala yakale ya VGA, suzumirani kumbuyo kwa bolodi muone ngati pali pake.

Chachisanu, ngati mukugula logwiritsidwapo kale ntchito. Palibe cholakwa, ambiri timayambira pamenepo. Yatsani tochi ya foni muunike m'soketi. Pa Intel timapini tili pa bolodi penipeni, tating'ono ngati ubweya, ndipo kamodzi kakapindika kamanyezimira mosiyana ndi tinzake. Pa AM4 timapini tili pa purosesa. Onani ma capacitor, tizitini tating'ono toimirira pa bolodi, ngati ena atupa pamutu, nunkhizani ngati pali fungo lopserera, yang'anani dzimbiri m'mabowo a USB. Mabolodi ambiri ochotsedwa m'makompyuta a muofesi a Dell kapena HP ali ndi mapulagi akeake a magetsi, salowa mu kesi wamba. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo.

Musatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola bolodi musanalione likuyaka. Wogulitsa aikepo purosesa ndi RAM, alowe mu BIOS, ndipo muyese RAM mumpata uliwonse. Pa lisiti alembe nambala ya bolodilo ndi miyezi ya garantia. Akakana, tsanzikani mwaulemu mupite kwina.

Pomaliza, siyani ndalama ya fonte yabwino, bokosi lija lopereka magetsi mkati mwa kompyuta. Fonte yopepuka ngati chitini chopanda kanthu yapha mabolodi ambiri abwino. Onjezani estabilizador yolinganiza mphamvu ya magetsi, kapena UPS, bokosi la batire loti kompyuta isazime magetsi akathima, ngati thumba lilola. Mvula ya ziphaliwali ikayamba mu Disembala, zulani pulagi kukhoma, muzulenso chingwe cha intaneti, chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso.

Mphwanga uja tinamusinthira bolodi n'kutenga B550 ya micro-ATX yokhala ndi chitsulo pa VRM. Kesi yake anaiika pathebulo, osati pansi pomwe amasesa, ndipo Loweruka lililonse amapukuta fumbi pa mafani ndi kaburashi kopentera.