Momwe mungayendere mzinda wakale wa Salzburg n'kumvetsa nyumba zake za Baroque

Salzburg ndi mzinda wa m'dziko la Austria, pafupi ndi malire a Germany, ndipo mbali yake yakale, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa m'chaka cha 1996, ndi yaing'ono moti munthu akhoza kuizungulira wapansi tsiku limodzi. Kuchepako n'kumene kumapusitsa alendo ambiri, chifukwa amathamangira ku nyumba yomwe katswiri wopeka nyimbo Mozart anabadwira, n'kujambulitsa zithunzi, kenako n'kubwerera osadziwa kuti misewu ndi mabwalo omwe adutsamo anakonzedwa mwadala kuti munthu awaone motsatana.

Musanayambe ulendo, dziwani omwe anamanga mzindawu. Mpaka m'chaka cha 1803, Salzburg linali dziko palokha lolamulidwa ndi mabishopu aakulu, omwe anali atsogoleri a mpingo komanso mafumu, ndipo chuma chawo chinkachokera makamaka ku mchere wokumbidwa ku Dürrnberg, pafupi ndi Hallein, womwe unkatsika ndi mabwato pa mtsinje wa Salzach. Wolf Dietrich von Raitenau, yemwe anakhala bishopu wamkulu mu 1587 ataphunzira ku Rome, anafuna kuti mzinda wake ufanane ndi mizinda ya ku Italy. Tchalitchi chachikulu chitapsa mu 1598, iye analamula kuti chigwetsedwe pamodzi ndi nyumba zambiri zoyandikana nacho, ndipo mabwalo otakasuka omwe mudzaone pakati pa mzinda anachokera pa kugwetsako.

Yambirani kumwamba. Kwerani ku linga la Hohensalzburg m'mawa, kaya wapansi kaya pa kasitima kokwera phiri komwe kanayamba kuyenda mu 1892. Lingalo si la Baroque, kamangidwe ka m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, ayi, pakuti anayamba kulimanga mu 1077, koma mukaima pamenepo mudzaona mzinda wonse utapanikizika pakati pa phiri la Mönchsberg ndi mtsinje, ndipo mudzazindikira msanga kusiyana kwa timisewu topapatiza ta amalonda ndi mabwalo a mabishopu. Lowezani pomwe pali madenga obulungira obiriwira, chifukwa ndiwo adzakulondolereni njira mukatsika.

Potsika, dzerani ku manda ndi nyumba ya amonke ya St. Peter, yomwe Rupert Woyera anaikhazikitsa cha m'ma 696, kenako lowani m'tchalitchi cha Franziskanerkirche musanafike ku tchalitchi chachikulu. Ndikulangizani kutero chifukwa m'nyumba imodziyi muli mibadwo itatu ya kamangidwe: polowera pali mdima ndi makoma okhuthala a kalekale, kutsogolo kuli nsanamira zazitali zowonda za Gothic, ndipo pakati pa nsanamirazo pali guwa lansembe lonyezimira ndi golide lomwe mmisiri Johann Bernhard Fischer von Erlach analikonza. Munthu amene waona zitatuzi moyandikana safunikanso kuuzidwa kuti Baroque n'chiyani, chifukwa maso ake aona kale kuti ndi kamangidwe kofuna kudabwitsa, kokonda kuwala, mizere yokhotakhota ndi ziboliboli zooneka ngati zikuyenda.

Nthawi yambiri muithere pa tchalitchi chachikulu, chomwe eni ake amati Dom. Lowani m'bwalo la Domplatz kudzera pansi pa zipata zokhota zomwe zimalumikiza tchalitchicho ndi nyumba zoyandikana nazo, kuti nkhope yake ya mwala woyera wa ku phiri la Untersberg ikutulukireni mwadzidzidzi monga momwe omanga ankafunira. Mmisiri wake anali Santino Solari wa ku Italy, ntchito inayamba mu 1614 m'nthawi ya bishopu wamkulu Markus Sittikus, ndipo womulowa m'malo, Paris Lodron, anachidalitsa mu 1628, nkhondo ya zaka 30 ili mkati m'madera ozungulira. Pakhomo pali ziboliboli zinayi zikuluzikulu, za Petulo, Paulo ndi mabishopu oyera Virgil ndi Rupert, ndipo Rupert mudzamudziwa ndi chotengera mchere. Pa zitseko zachitsulo palembedwa zaka zitatu, 774, 1628 ndi 1959, zomwe ndi zaka za kudalitsidwa kwa tchalitchi choyamba pamalopa, kudalitsidwa kwa tchalitchichi ndi kudalitsidwanso kwake. Chomalizacho chikukumbutsa kuti denga lobulungira linagwa ndi bomba mu 1944 ndipo linachita kumangidwanso.

Mukalowa musafulumire kuyang'ana uku ndi uku. Yendani pang'onopang'ono pakati penipeni kulunjika ku guwa, ndipo mudzaona kuti chigawo choyamba n'chamdima pang'ono, pomwe pansi pa denga lobulungira kuwala kumatsika kuchokera m'mawindo okwera omwe simungawaone muli pakhomo. Zimenezi sizinangochitika zokha: mpingo wa Katolika wa nthawi imeneyo, poyankha chiphunzitso cha Martin Luther ndi anzake, unkafuna nyumba zolalikira ndi maonekedwe ake wansembe asanatsegule pakamwa. Kumanzere pafupi ndi khomo kuli beseni lamkuwa la ubatizo, lakale kuposa tchalitchicho, momwe Mozart anabatizidwira mu Januwale 1756. Ngati Misa ili mkati, khalani pansi mwaulemu kapena mubwerenso nthawi ina.

Potuluka, onani kasupe wa pa Residenzplatz wokhala ndi akavalo amwala, yemwe anamalizidwa mu 1661. Ngati muli ndi maola awiri apadera, gulani tikiti ya DomQuartier, yomwe imakulolani kuyenda m'zipinda za mabishopu mpaka pakhonde la limba lalikulu la m'tchalitchi.

Masana pitani ku Kollegienkirche, tchalitchi cha yunivesite chomwe Fischer von Erlach anamanga ndipo chinadalitsidwa mu 1707. Kwa ine ichi ndicho chopambana mumzindamu, ngakhale kuti ambiri amangosuzumiramo n'kupitirira poona kuti mkati mwake n'moyera mbee, mopanda zojambula zamitundumitundu. Imani kunja muone nkhope yake yotukuka ngati mimba ya mtsuko, kenako muiyerekeze ndi nkhope yowongoka ya Dom, ndipo mudzaona mtunda womwe kamangidweka kanayenda m'zaka pafupifupi 80. Msewu wa Getreidegasse uli pafupi pomwepo. Dutsanimo muone zikwangwani zachitsulo ndi nyumba nambala 9 ya Mozart, koma kumakhala khwimbi la anthu.

Madzulo wolokani mtsinje kupita ku Mirabell, nyumba yomwe Wolf Dietrich anamangira Salome Alt, mayi wa ana ake, mu 1606. Moto wa 1818 unawononga zambiri, koma masitepe okongoletsedwa ndi tiana tamwala ta Georg Raphael Donner anapulumuka. Mukaima kumapeto kwa munda wamaluwa n'kuyang'ana kum'mwera, maso anu adzalunjika ku Dom ndi ku linga lija.

Valani nsapato zolimba ndipo tengani ambulera, chifukwa mvula ya ku Salzburg imagwa kawirikawiri ngakhale m'nyengo yotentha. Kumapeto kwa Julayi ndi mwezi wonse wa Ogasiti kumakhala chikondwerero cha nyimbo ndi zisudzo chomwe chinayamba mu 1920, ndipo pa nthawiyo malo ogona amakwera mtengo, komanso bwalo la Domplatz limadzaza ndi mipando ya oonerera yomwe imatchinga nkhope ya tchalitchi, choncho wofuna kuona nyumba bwinobwino asankhe Meyi kapena Seputembala.